Mpanda wa Koleji ya ku Al Khor

Mpaka lero amalume anga sandiyankha ndikawapatsa moni pa foni. Uthenga amauwerenga, ndimaona kuti awerenga, koma zii. Ndipo ine ndikadali wokwiya, ngakhale ndikafunsidwa kuti wakwiyira ndani ndimayamba kutchula anthu ambirimbiri mpaka wofunsayo amachoka. Tamverani nokha muweruze.

Ine ndine sekyuliti. Ndimaima pa geti la paking'i ya chinyumba china chosanja ku The Pearl, tayi pakhosi, dzuwa la Doha likundiwotcha ngati chimanga cha pa mbaula. Nthawi ya COVID ija ntchito yanga yeniyeni inali imodzi: aliyense wolowa andionetse apu ya boma ija pa foni. Ikakhala yobiriwira, dutsani. Ikakhala mtundu wina, kapena foni yazima, bwererani komwe mwachokera. Ndinabweza anthu ine! Anyamata a madilivale, amayi ogwira ntchito m'nyumba, ngakhale bwana wina wa chigalimoto chonyezimira. Ndinkangotukula chifuwa n'kunena kuti, "No green, no entry." Chizungu changa chonse chinkathera pamenepo, koma chinkagwira ntchito.

Chaka chimenecho lamulo linali litangosintha. Munthu unkatha kusiya kampani n'kupita ina popanda kugwada kwa bwana wako kuti akulembere kalata ya chilolezo. Amalume ndi akauntanti pa kampani ina yaikulu ya sekyuliti, amakhala ku Al Nasr ndi banja lawo, ndipo anali atandilankhulira kumeneko. Intavyu Lachiwiri. Ntchito yake ya m'chipinda cha makamera, aise! Mpando, eyakoni, masikirini khoma lonse. Ine woti ndimayang'ana sikirini tsiku lonse popanda wondituma, andilembe ntchito yoyang'ana sikirini? Ndinali nditayamba kale kutsanzika anzanga pa geti.

Ndiye Lachitatu amalume akuimba.

"Mphwanga, Lachisanu uli pa ofu eti?"

"Eya amalume."

"Limbani amuika mu timu yoyamba ya koleji yawo. Akukasewera ndi koleji ina ku Al Khor. Ine apu yanga yasanduka yachikasu, mnzathu mu ofesi amupeza ndi matendawa, ndiye nyumba yonse tili pa kwalantini, kupatula Limbaniyo poti amagonera ku koleji konko. Upite ukationetse mpirawo pa foni. Mayi ako ku Bangwe ndawauza kale, agula bando."

"Amalume, muonera ngati mwakhala pa benchi pomwe."

"Osakachita zachibwana. Kuno si ku Bangwe."

Limbani ndi mwana wawo, msuweni wanga, mnyamata wamiyendo ngati nsungwi amene ndakhala ndikumunyoza kuyambira ali mwana kuti mpira amaumenya ngati akupepesa. Koma magazi ndi magazi. Ndinati anthu a ku Al Khor adziwe kuti mwanayu ali ndi kwawo.

Lachisanu ndinadzuka ngati ndine kochi. Koleji ya Limbani imavala zobiriwira, ndiye ndinapaka penti yobiriwira nkhope yonse, mpaka m'makutu, kenako masiki pamwamba (musandifunse kuti pentiyo amaiona ndani, nanenso funso limenelo linandipeza ndili kale m'basi). Vuvuzela pamsana. Pawabanki m'thumba. Foni yodzaza mpaka handiredi.

Ulendo wa ku Al Khor si wautali kwenikweni, koma ndi chipululu chokhachokha, ndiye munthu umatani? Ndinayamba laivi. "Moni a Malawi nonse, tili pa ulendo, lero kufa munthu ku Al Khor!" Anthu seveni amaonera, atatu mwa iwo anali a m'chipinda mwathu. Ndinajambula ngamila. Ndinajambula nkhope yanga. Ndinakangana ndi mnyamata wina wa ku Lilongwe pa gulu lathu la pa foni amene amati mpira wa makoleji si mpira, ndinamutumizira mavoisi naini. Foni inatentha ngati mbatata yootcha. Nditayang'ana pakona, eyiti peresenti.

Sindinadandaule. Ndinatulutsa pawabanki monyadira, n'kupisa m'thumba kufuna chingwe.

Chingwe ndinachisiya pa bedi.

Abale, vuvuzela ndinakumbukira. Penti ndinakumbukira, mpaka kabulashi kake. Chingwe, chinthu chopepuka ngati ulusi, ayi.

Basi inanditsitsa pa msewu waukulu, kolejiyo ili uko, wapansi mphindi makumi awiri pa dzuwa. Ndinatsegula mapu kuti ndisasochere. Mapu amadya batire ngati ali ndi njala ya chaka chatha. Ndikufika pa geti, thukuta lobiriwira likutsikira m'khosi, ndikutulutsa foni kuti nditsegule apu ija, kachizindikiro kakuzungulira, kakuzungulira, kenako sikirini bii.

Pa geti panali sekyuliti wa ku Uganda, wamsinkhu wanga, wakuda ngati ine, nsapato zake zofanana ndi zanga za ku ntchito. Mtima unakhala pansi. Ndinati uyu ndi m'bale.

"My brother," ndinayamba, n'kumufotokozera zonse. Foni yangozima pompano, waona wekha. Ndine wobiriwira, m'mawa ndakwera basi ndi apu yomweyi. Msuweni wanga akusewera. Amalume ali pa kwalantini. Mayi anga agula bando.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mwaulemu kwambiri kuti chobiriwira chimene akufuna ndi cha pa foni, osati cha pa nkhope. Kenako anatukula chifuwa.

"No green, no entry."

Mxii! Mawu amenewo akamatuluka m'kamwa mwako amakoma. Akamalowa m'khutu mwako ndi chipongwe chenicheni. Ndinamuuza kuti nanenso ndine sekyuliti, ntchitoyi ndikuidziwa. Iye akuti ndiye bwino, ukudziwa kuti sindingakulowetse. Ndinapempha chingwe. Anatulutsa chake, kamutu kake kosiyana ndi foni yanga. Ndinapempha kuti aitane bwana wake. Akuti mudiri, ndiye kuti bwanayo, ali ku bwalo ndipo sangabwere chifukwa cha munthu wopaka penti. Shopu yapafupi? Analoza chipululu ndi chibwano.

Mkati wezulo inalira. Mpira wayamba.

Ndinazungulira mpanda ngati galu wotsekeredwa kunja. Unali wa waya, wautali kuposa anthu awiri, ataukuta ndi chinsalu chobiriwira kuti usaone mkati. Ndimangomva phuu, phuu, ndi mawu a makochi. Ndimaganiza za amalume atakhala pa sofa ndi anti, foni patsogolo. Ndimaganiza za mayi ku Bangwe ataitana ndi aneba omwe. Ndimaganiza za Lachiwiri, kuti munthu wolephera kuonetsa mpira pa foni angamukhulupirire ndi makamera a kampani? Kenako mkati munaphulika chisangalalo, ndipo sanali mawu a anthu athu. Atichinya.

Apa ndi pamene mutu wanga unabwerera kumudzi osandiuza.

Amene munakulira m'mabwalo a kwathu mukudziwa. Timu ikapita koyenda, sapota weniweni salowera pa geti. Pa geti ndi pamene eni bwalo amakwirira khini, mankhwala aja oti miyendo ya alendo ilemere. Timu yathu ya ku Bangwe tikapita ku Chiradzulu kapena ku Thyolo, geti limatha kukhala lotsegula, wolondera akukuitanani ndi dzanja, koma tonse, osewera, kochi, ndi wonyamula madzi yemwe, timadumpha mpanda kumbuyo kwa golo. Ndinaima pa mchenga paja zonse zikulumikizana. Basi ya Limbani inalowera pati? Pa geti. Foni yanga inafera pati? Pa geti. Chigoli chalowa patatha mphindi zingati? Aaa, ndinati anthu awa ndawatulukira.

(Inde, ndikudziwa. Koleji ya ku Qatar, ya mabwalo a kapeti, ikakwirire mankhwala pa geti la magetsi. Pano ndikudziwa. Nthawi imeneyo ndinali ndi dzuwa m'mutu.)

Pulani inali yosavuta: ndidumphe, ndikapeze aliyense wa chingwe ngati changa, laivi iyambe, amalume asadziwe kanthu. Ndinapita kumbuyo kwa golo monga mwa mwambo, ndinalavulira m'manja, n'kuyamba kukwera. Kukwera ndinakwera bwino, Bangwe sanandiphunzitse zachabe. Mwendo umodzi ndinauponya mkati. Wachiwiri ukutsatira, ndinangomva kwee! Waya wa pamwamba wagwira thalauza pa thako, wakana kusiya. Ndinapendekeka, mutu pansi mkati mwa koleji, mwendo m'mwamba, masiki ili pachipumi, vuvuzela ikulendewera pakhosi ngati belu la ng'ombe.

Ndili chozondoka choncho ndinaona zinthu ziwiri. Choyamba, bwalo lonse linali ndi oonera osapitirira makumi atatu, makolo okhaokha, atakhala motalikirana, akuomba m'manja ngati ali pa mwambo wa mphoto kusukulu. Wopaka penti panalibe ndi mmodzi yemwe. Chachiwiri, pa mtengo wa magetsi pafupi nane kamera inatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana m'maso.

Goloyo inali ya eni bwalo. Goloboyi wawo anamva waya ukulira, anacheuka, anaona chinthu chobiriwira chikulendewera kumbuyo kwake, n'kuyamba kuseka atagwira mawondo. Nthawi yomweyo mpira unafika kwa Limbani. Mwana uja sanapepese. Anaumenya, unadutsa goloboyi akundiyang'anabe ine, neti gwedeee!

"Limbaniii! Msuweni! Ndine pano!"

Anandiona. Ndikulumbira anandiona, tinayang'anana. Anatembenuka n'kuthamangira mbali ina ngati sanamvepo Chichewa chibadwire. Galu ameneyo.

Kagalimoto ka sekyuliti kanafika ndi anthu atatu: wa ku Uganda uja, mnzake, ndi mudiri wawo, bambo wa ku Sudan wamtali, wa ndevu zoyera. Ananditsitsa ngati jakifuruti, thalauza n'kutsala theka pa waya. "Yalla, yalla," akundifulumizitsa mpaka mu ofesi yawo.

Mu ofesimo eyakoni imazizira bwino, mipando yofewa, masikirini khoma lonse. Pa sikirini imodzi panali ine, akundibwereza. Mudiri anatenga ID yanga, anaitembenuza, n'kufunsa kuti ndimagwira ntchito yanji.

Ndinayankha motsitsa.

"Chiyani?"

"Sekyuliti, bwana."

Chipinda chonse chinaphulika. Wa ku Uganda mpaka anatuluka panja kukatsokomola. Ine ndinaweramitsa mutu, ndipo poweramapo ndi pamene maso anga anagwera pa baji ya pa malaya a mudiri. Ndinaiwerenga kawiri. Kampani ya amalume. Kampani ya Lachiwiri. Pa geti paja ndinakangana ndi munthu mphindi khumi osayang'ana chimene chalembedwa pa chifuwa chake, ine sekyuliti.

Mnzawo wina anali ndi chingwe ngati changa (chinali pompo nthawi yonseyi, mamita ochepa kuchokera pa geti, ndipo mukufuna ndisakwiye?). Foni inayaka. Ndinatsegula apu msangamsanga.

"Mwaona? Green! Ndimanena ine!"

"Khalas," anatero mudiri, kutanthauza kuti zatha. Nkhani sinalinso ya mtundu wa apu. Inali yolowa malo a eni podumpha mpanda, ndipo lamulo lawo limati aitane apolisi. Kuno apolisi akakulembera zoterozo, sutsutsana nawo, umangoyamba kulongedza wa kumudzi.

Foni inalira m'manja mwanga. Vidiyo kolo. Amalume. Chala changa, chozolowera kuyankha chisanafunse mutu, chinadina.

Nkhope ya amalume inadzaza sikirini, anti ali pambali. "Iwe, takhala tikuimba kangati? Mpira uli kuti? Nanga nkhopeyo yatani? Uli kuti kodi?"

Ndisanayankhe, mudiri anasuzumira paphewa panga. "Ooo! Mister accountant! Salaam aleikum! Uyu ndi wanu?"

Sindinaonepo munthu akukalamba pa vidiyo kolo. Amalume anatseka maso. Kenako anati, "Mupatse foniyo." Analankhula Chizungu chofatsa chimene sindinawamvepo, muli "please" wambiri, munthu wamkulu, wa digiri yake, akupepesera thako langa lili pamtunda. Apolisi sanaitanidwe. Koma lipoti linalembedwa, dzina langa lonse, nambala ya ID, ndi chithunzi. Anandiperekeza mpaka pa msewu, kudzera pa geti, nditamanga juzi ya wa ku Uganda uja m'chiuno. Anandibwereka yekha, ndipo zimenezo zimandikwiyitsanso, chifukwa munthu woti umuda sayenera kukuchitira chifundo.

Lamlungu madzulo amalume anaimba komaliza.

"Vidiyo yako yafika ku ofesi. Aionera onse, mpaka abwana aakulu. Akuti aziphunzitsira olembedwa kumene."

"Ndiye kuti andidziwa kale, amalume. Lachiwiri ndi..."

"Lachiwiri usavutike."

"Koma amalume, chigoli chija mukudziwa kuti..."

Anadula.

Ndiye ndikadali pa geti langa ku The Pearl, tayi pakhosi, anzanga aja ndinawatsanzika akundifunsa tsiku lililonse kuti bwanji eyakoni ya ku makamera. Mayi anandiuza kuti aneba anakhala pakhonde mpaka bando inatha osaona ngakhale udzu wa bwalo. Limbani amauza anzake kuti munthu wa pa mpanda uja samudziwa, mwina ndi wa ku Zambia.

Phunziro ndatolapo, musadandaule: munthu aziyenda ndi chingwe. Koma pali chinthu chimodzi chimene banja lonse likukana kuchikamba. Ndisanakwere mpanda uja timaluza wani ziro. Mpira unatha thuu wani, ife opambana. Ntchito ndinataya, thalauza ndinataya, amalume ndinataya, ndipo mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe wa koleji ya Limbani amene wabwera kudzati zikomo.