Limu Yofiira ya Kuseri kwa Tchalitchi

Mpaka lero ndikaona njinga yakutha itatsamira mtengo, ndimangodutsa manja ali m'thumba. Mwambo umenewu ndinauphunzirira ku Katowo, ndipo manyazi ake sanathebe.

Ananditumiza kukaphunzitsa kumeneko matipate atangoyamba kumene, ine mwana wa ku Dedza, Chitumbuka changa chikuthera pa "yewo chomene". M'kabati ya sukulu ndinapezamo mpira umodzi wa basiketibolo, koma bwalo kunalibe. Ndinati zazing'ono izi (ku koleji ndinasewerako temu imodzi yokha, koma atsikana ndinawauza kuti zaka zitatu). Mizere tinalemba ndi phulusa. Mabotolo odzaza mchenga ndiwo anali adani owazemba podunda mpira. Vuto linali golo. Chidebe chobooka chimene ndinakhomera pa mtengo wa bulugama chinaphwanyika tsiku lachiwiri.

Pa atsikanawo panali Tawonga, wa Fomu 3, wamtali, wosayankhulayankhula. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo malo okhawo amene ndinkamumva akuseka anali pa phulusa lathu lija. Bambo ake, a Gondwe, mkulu wa mpingo, ankati masewerawa akumuchedwetsa kufika kunyumba. Anatumiza uthenga kuti Lachisanu abwera kudzaona, ndipo akapanda kukhutira mwana asiye.

Ndiye golo linafunika msanga. Kuseri kwa tchalitchi kunali njinga yadzimbiri, matayala ataphwa, udzu utamera m'masipoko. Ndinayang'ana uku ndi uku (munthu wosalakwa sayang'ana choncho, ndikudziwa), ndinamasula gudumu lakutsogolo, n'kuzula masipoko onse. Limu yake inali yopaka penti yofiira, yokongola ndithu, ndipo ndinaikhoma pa bulugama uja. Mnzanga wa ku Mlowe anandipatsa chidutswa cha ukonde wakale chonunkha usipa, ndinamangirira Lachinayi usiku.

Lachisanu a Gondwe anafika atavala jekete, n'kuima poteropo. Tawonga anazemba mabotolo onse, anaponya, mpira n'kulowa bwinobwino. Koma sunatsike. Mphunzitsi wanzerune ndinali nditaiwala kudula ukonde kunsi. Mpira unangoti lende ngati dzungu m'thumba. Ndinakwera pa makwerero ogwedera, thalauza linakodwa pa msomali, ndipo kung'ambika kwake kunamveka mpaka kwa atsikana akumbuyo. Ndili pamwamba pomwepo, dzanja limodzi litagwira kumbuyo, ndinamva a Gondwe pansi akundiitana "aphunzitsi" m'Chitumbuka.

"Asambizgi, limu iyi mwaitenga kuti?"

"Yotayidwa iyi, bambo. Chinjinga chakutha kuseri kwa tchalitchiko."

Tawonga anazyolika.

"Ndi ya mayi ake a mwanayu," anatero a Gondwe motsitsa. "Pentiyo anapaka okha, kuti isamasokonezeke ndi za anzawo pa misonkhano ya amayi. Anaisiya pamenepo tsiku limene anayamba kudwala. Ine mphamvu zokaitenga zinandisowa."

Ndinalakalaka nditangokhala pamwamba pomwepo mpaka nditapuma ntchito. Mtima unandiwawa kwambiri, osati chifukwa cha thalauza ayi. Ndinati pepani kambirimbiri, ndinalonjeza kuti masipoko ndikabwezera limodzilimodzi, ndipo ndinayamba kuzula msomali woyamba.

"Adada, musachotsetse," anatero Tawonga. "Ndinaizindikira tsiku lomwe anaikhoma. Ndikamaponya ndimakhala ngati ndikupatsira amama."

A Gondwe anavula jekete, anam'patsa mwana wawo, n'kugwira makwerero anga ndi manja awiri.

"Bwezerani msomaliwo, asambizgi. Koma mwaikhoma mopendekera. Mayi ake zopendekera sankazifuna."

Ndinaiwongola iwo akundilangiza, kweza pang'ono, tsitsa pang'ono. Nditatsika anandibwereka jekete lija kuti ndimange m'chiuno.

Phunziro lake n'lakuti chinthu cha eni uzifunsa kaye, ndipo masiku ano ndimafunsadi. Kungoti ndikanafunsa nthawi ija akanakana, Tawonga n'kusiya mpira. Lolemba m'mawa ndinapeza a Gondwe ataima pa phulusa paja, gudumu lakumbuyo lili m'manja, masipoko atazula kale okha.

"Bwalo la golo limodzi ndinalionapo kuti?" anatero.