Mbuzi Yanga Imene Sinasowe

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo anthu a kwathu ku Nsaru akadakhala oiwala msanga bwenzi nditafa nayo. Koma poti aliyense amaifotokoza mothira nsinjiro zake, bola ndiinene ndekha mwiniwakene.

Chaka chimenecho BP inandigwetsa ndikusoka fodya m'chigafa. Ndinagona m'chipatala milungu iwiri, mwendo wakumanzere ukuchita mwano. Ponditulutsa, adokotala anandiyalira malamulo: mchere pang'ono, nyama yamafuta ayi, masamba ambiri, phala la soya m'mawa, mapilisi ndi timavitamini osadumphitsa. Kenako anati ndiziyenda ndawala theka la ola tsiku lililonse.

"Ndiziyenda kupita kuti?" ndinafunsa.

"Kulikonse, bambo. Ndi ekisesaizi."

Akazi anga, a Nabanda, anagwira malamulowo kuposa adokotala eniake. Mchere anakaubisa kumene mpaka lero sindikudziwa. Lero bonongwe, mawa nkhwani, mkuja chisoso. Ndinayamba kupezadi bwino, koma mtima unkalira.

Zakudyazo zinali za m'nyumba, palibe ankaona. Chovuta chinali kuyendako. Kumudzi munthu wamkulu sayenda chabe. Amakhala ndi khasu paphewa, kapena uthenga wa maliro pakamwa. Bambo wa zidzukulu ngati ine kumaponya mikono pamsewu chimanjamanja, anthu akanati matenda aja akwera kumutu. Ndiye ndinkalawira, n'kudzera kanjira ka m'minda mpaka pa thiledingi, n'kubwerera mwakachetechete.

Tsiku lina ndili pakati pa ndawala, thukuta kamukamu, ndinangoti gululu ndi a Gamaliyele, neba wanga, amenenso anali wapampando wa achitetezo a m'mudzi. Anatsika panjinga.

"A Phiri, kwagwanji? Si inu odwala inu?"

Ndikanangonena zoona. Koma mawu akuti ekisesaizi anandikanirira pakhosi.

"Mbuzi," ndinatero. "Mkota wanga wamawanga uja sukuoneka."

"Eti? Akuba amenewa afika pobera wodwala?"

"Ayi, mwina yangosochera. Pitirizani ulendo wanu."

"Ulendo wanji? Tikalekerera lero, mawa atitengera ng'ombe."

Anatulutsa wezulo m'thumba n'kuiliza. Sipanapite nthawi, amuna khumi anali atafika, ena ndi zibonga, wina ndi galu. Amayi ochokera kudimba anatula mitolo yawo kuti andipepese. Wina anati anamva mbuzi ikulira mbandakucha. Wina anati anaona njinga yonyamula dengu lalikulu. Ndinadabwa kuti mbuzi imene ndinaisiya ili pachingwe kuseri kwa nyumba yanga inali itapeza kale mboni ziwiri.

Tinayamba kusaka. Tinadutsa minda ya mtedza, tinaoloka dambo, tinasuzumira m'zigafa za matenanti a pa esiteti. Adokotala anati theka la ola, koma ine ndinayenda maola awiri. Ndikati ndiulule, ndinkaona nkhope za anthu amene asiya ntchito zawo chifukwa cha ine, n'kumeza mawu.

"Limbani mtima, a Phiri," ankatero a Gamaliyele. "Lero tiipeza, yamoyo kapena yophika."

Galu uja ndiye anandimaliza. Anatitsogolera molunjika pa thiledingi, pa chiwaya cha a Yohane, bambo wootcha kanyenya. Ndi galu uti amene sangapite kumeneko? Tsoka lake, pamtengo pambali pa chiwayacho panali chikopa chachiwisi cha mbuzi. Chamawanga.

"Ndi chimenechi, eti?" anafunsa a Gamaliyele.

"Chikufanana pang'ono," ndinayankha chapansipansi, "koma..."

Mawu akuti koma palibe anawamva. Amuna awiri anali atawagwira kale a Yohane m'mikono, wina akufunafuna chingwe. Apa mantha anandigwira zenizeni. Munthu wosalakwa, wa ana asanu, ankapita kupolisi, mwinanso kulawa zibonga, chifukwa ine ndinachita manyazi ndi kuyenda.

"Asiyeni," ndinatero. "Mbuzi yanga sinabedwe. Ili kunyumba."

A Gamaliyele ananditembenukira.

"Nanga mumathamangira chiyani?"

Ndisanayankhe, gulu linapatuka. Anali a Nabanda. Mbiri inali itawapeza kunyumba, ndipo anabwera ndi umboni wonse: dzanja ili fulasiki ya phala langa, dzanja ilo chingwe, kumapeto kwa chingwecho mkota wanga ukutafuna tsamba mosatekeseka.

"Abambo awa akuchita ekisesaizi," analengeza mokweza kuti ndi a kumatauni omwe amve. "Adokotala anawalamula. Tawauzani anzanuwa, mukuopa chiyani?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. A Gamaliyele anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinasekanso nawo, mtima utatsika, poganiza kuti zathera pomwepo.

Koma a Yohane anali asanalankhule. Anakonza kolala ya malaya awo, n'kundiyang'ana mokhumudwa.

"A Phiri, ine ndingabe mbuzi yanu? Inu kasitomala wanga wa m'mawa uliwonse? Si inu mumati ndizikusungirani ya mafuta, mchere ndi tsabola pambali?"

Kuseka kunaduka. Maso onse anatembenukira kwa a Nabanda. Iwo sanakalipe. Anatsegula fulasiki, anathira phala m'kapu, n'kundipatsa ndi manja awiri mwaulemu wonse.

"Imwani, bambo. Mukatha mupepese a Yohane, muwatsanzikenso. Kuyambira mawa ekisesaizi tizichita awiri, ndipo njira yake ndi ya kudimba."

Ndinamwa phala lopanda shuga nditaimirira patsogolo pa chiwaya, nyama ikuchita thovu m'mafuta, mudzi wonse ukuonerera. Pobwerera ndinakoka mbuzi ndekha.

Lero mwendo uli bwinobwino, BP inatsika, ndipo a Gamaliyele nawonso anayamba kuyenda nafe. Koma ndikangoponya phazi mwachangu, ngakhale popita kutchalitchi, pamakhala wina wofunsa kuti, "Kodi yasowanso?"

Ukafuna kunama, usaname za chinthu chimene anansi angakuthandize kufunafuna.