Chitseko Chimene a Sakala Anagunda

Lolemba

Galimoto yagundidwa.

Ndayimika bwinobwino pamsika, ndikusankha anyezi, ndikungomva phwaa! Kucheuka, kalole kabwerera chambuyo mpaka m'chitseko changa, cha mbali ya dalaivala. Chitseko chafwanyika, galasi silikutsika.

Wotsika m'kalolemo ndi a Sakala. Mwa anthu onse a ku Kakumbi kuno, a Sakala! Mnzawo wa malemu amuna anga, amene anagona pakhomo pano maliro onse. Avula chipewa pakati pa msika. "Alamu, sindinaione." Galimoto yoyera, masanasana, sanaione.

Anthu aunjikana, ndipo aliyense wasanduka loya. "Itanani apolisi!" "Apolisi achiyani, ndi anthu a mpingo umodzi awa." Mayi wa anyezi akufunsa ngati ndikugulabe.

Ndinaphunzira kuyendetsa ndili kale ndi zidzukulu, chifukwa sindinafune kuti galimoto ya bambo a Masauso iwolere pansi pa mango, nkhuku zikuikiramo. Sindinagundepo ngakhale mbuzi. Lero yagundidwa itayima.

Tapangana kuti nkhani ithere pakhomo:
apolisi ayi;
chitseko akonza a Zulu, mkamwini wa a Sakala, amene amawotcherera zitsulo;
Loweruka ikhale itatha, poti ndinalonjeza kutenga amayi a kwaya kupita ku ukwati ku Nsefu;
Masauso asamve.

Lachiwiri

Masauso wamva. Wina wamutumizira chithunzi pafoni, ine ndili pambali pakamwa pali yasa, anyezi ali m'manja.

Akuyimba kuchokera ku Lusaka ngati ndine mwana wake. "Amayi, inshuwalansi ya a Sakala ndiyo ilipire. Ntchito yake ndi imeneyo. Pitani kupolisi lero mukatenge lipoti, mukachedwa adzakana." Ndikumuuza kuti a Sakala ndi amene anamuphunzitsa kupalasa njinga. Akuti njinga sikonza chitseko.

Mwina akunena zoona. Koma iye amakhala kumene munthu ungakangane naye lero osadzamuonanso mpaka kufa. Kuno wokangana naye umakumana naye pa mjigo, kuchigayo, ndi pa benchi yakutsogolo kwako Lamulungu.

Galimoto ndakaisiya kwa a Zulu. Ayang'ana chitseko, ayimba mluzu, akuti, "Aka n'kang'ono, mayi. Mawa madzulo."

Ndabwerera wapansi. Kutentha kwake! Ndinali nditaiwala kuti msewu uwu ndi wautali.

Lachitatu

Magetsi kulibe tsiku lonse. A Zulu ndawapeza akugona pa mpando wa galimoto yanga, chitseko chili pansi, galu wagonapo.

Akuti popanda magetsi sangawotcherere, koma ayamba kale "kuchiwongola". Achiwongola ndi hamala yophwanyira miyala. Dzulo chinali ndi dzenje limodzi lalikulu. Lero chili ndi maenje ang'onoang'ono osawerengeka, ngati msewu wa nthawi ya mvula ukauma.

Ndadutsira kwa a Sakala kukadandaula. Amvetsera, agwedeza mutu, kenako akuti: "Alamu, munthu mkamwini sindingamudzudzule ndekha. Ndiuza mayi ake a ana, auze mwana wathu, iye akauze mwamuna wake." Dandaulo langa liyenda ulendo wautali kuposa galimotoyo.

Masauso wayimba kawiri. Sindinayankhe.

Lachinayi

Mayi Sakala abwera ndi tambala wofiira, dzungu, ndi nsomba zouma. Akhala pamphasa, akana mpando. Tambala wamangidwa miyendo, akundiyang'ana ngati mlandu ndi wanga.

"Mwaswera bwanji" yatha, nkhani za kutentha zatha. Ndiye akunena motsitsa mawu: amuna awo maso akufa. Linayamba lamanzere, tsopano lamanja nalo lachita nkhungu. Laisensi inatha kale mphamvu, ndipo akuopa kukaipanganso chifukwa kumeneko amayeza maso. Inshuwalansi singalipire munthu wopanda laisensi. Apolisi akabwera, kalole kayima. Kakayima, kabichi ndi tomato wa kudimba kwawo safika ku maloji a alendo odzaona nyama, ndipo pakhomo pali ana amasiye a mwana wawo wina wamkazi.

"Msewu amaudziwa pamtima," akutero.

Atapita ndakhala pakhonde nthawi yaitali. Ndakumbukira kuti mwezi watha a Sakala anandipitirira kutchalitchi osandipatsa moni, ine n'kumati ayamba kunyada. Ndakumbukiranso kuti malo amene ndinayimika Lolemba ndi pomwe ana a sukulu amakhala akudya mango akaweruka. Msewu angaudziwe pamtima, koma mwana wokhala pansi kumbuyo kwa lole mtima sumudziwa.

Ndinkaganiza kuti ndikuchita chifundo. Tsopano sindikudziwa kuti chifundocho ndikuchitira ndani.

Tambala wathawa ndi chingwe chake.

Lachisanu

Ndavala chitenje chabwino, ndakwera njinga ya kabaza mpaka pa geti ya polisi. Ndayima. Wapolisi wina wamkazi, amene ndinkayimba ndi mayi ake, akundipatsa moni: "Muli bwanji, amayi? Tikuthandizeni?" Ndikumva pakamwa panga pakunena kuti ndimangodutsa. Munthu wodutsa atavala chonchi!

Ndabwerera. Wakabaza sanafunse kanthu. Ulendo wonse wangoyimba nyimbo ya kwaya yathu, molakwitsa.

Magetsi abwera. A Zulu abweretsa galimoto okha, akumwetulira. Zimene ndaona:
chitseko chabwerera pamalo pake;
achipaka penti yoyera, koma yoyera ina, ngati dzino latsopano pakati pa akale;
galasi tsopano latsika, silikukwera;
chitseko sichikutseguka.

Akuti loko inathyoka, ndiye pofuna kuti chisamatseguke chokha pamsewu, achiwotcherera. "N'cholimba kuposa cha kufakitale, mayi." Pamenepo sakunama.

A Sakala anati ngati a Zulu alephera, adzaitanitsa chitseko chakale ku Chipata akagulitsa tomato. Madzulo ano ndamva kuti njovu zinalowa m'madimba a kumtsinje. Kabichi zasiyako, tomato ayi.

Masauso watumiza uthenga: "Amayi, lipoti?" Ndamuyankha kuti kuno kukutentha.

Loweruka

Ukwati.

Kulowa m'galimoto yanga tsopano kuli ndi ndondomeko. Ndimatsegula chitseko cha kumanzere, kukwinya chitenje, kulumpha giya, n'kugwera pampando wanga. Ndachita zimenezi amayi anayi a kwaya akuonerera atavala yunifomu. Mayi Banda aseka mpaka agwira tayala.

Fumbi la msewu wa ku Nsefu lonse lalowera pa windo langa. Ndafika tsitsi lili lofiira, nsidze zofiira, anthu akundifunsa ngati ndadwala. Potsika ndayenera kudikira Mayi Banda, amene anakhala kutsogolo mwendo n'kuchita dzanzi. Akwati alowa m'tchalitchi ine ndikadali pa giya.

Kumadyerero ndawaona a Sakala. Abwera pa kalole komweko, atanyamula anthu kumbuyo, ena ana.

Ndawaitanira kuseri kwa tenti. Sindinakonzekere mawu. Ndangoti: "Alamu, chitseko chisiyeni, sindichifunanso. Kupolisi sindipita. Koma makiyi apatseni Mayi Sakala lero lomwe, mpaka adokotala akaone masowo. Mukayendetsanso, ndikanena ndine." Ayang'ana kumbali kwanga pang'ono, pomwe akuganiza kuti pali nkhope yanga. Kenako akuti, "Malemu anzanga aja akanakhalapo, akananditukwana kale." Misozi. Yawo, kenako yanga.

Wayendetsa kalole kubwerera kwawo ndi mphunzitsi wina amene ali ndi laisensi. A Sakala anakhala kumbuyo pamodzi ndi ana, chipewa chili pamaondo.

Pobwerera, Mayi Banda akundifunsa chimene timakambirana. Ndati za kabichi.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve bwino. Msana ukuwawa chifukwa cha kulumpha giya.

Ndamuyimbira Masauso ndekha, ndamuuza zonse. Akuti, "Ndiye amayi, akugundani, chitseko chaonongeka, inshuwalansi palibe, mwatsala ndi dzungu?" Ndati ndi nsomba. Waseka, koma osati kwambiri. Akuti afunsa tsiku limene madokotala a maso amaona anthu ku Chipata. Chitseko adzaona pa Khirisimasi. Mvula ikayamba Khirisimasi isanafike, ndiika pulasitiki.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mwina Masauso ndiye anali ndi nzeru kuyambira Lachiwiri. Mwina ndikanalowa pa geti paja. Ndikungodziwa kuti makiyi ali m'chitini cha shuga kwa Mayi Sakala, ndipo iwo shuga sasekerera nayo munthu.

Titaweruka Mayi Sakala anandigwira dzanja panja pa tchalitchi. Kabichi amene njovu zinasiya wakhwima. A kuloji akumufuna mawa. Sanapemphe kanthu, anangonena, n'kumandiyang'ana.

Ndachotsa mphasa ya kumbuyo m'galimoto, ndayala masaka. Mawa m'mamawa ndikukanyamula kabichi.

A Sakala akuti akhala kutsogolo, azindionetsa njira.