Makompyuta Khumi ndi Anayi, Adiresi Imodzi

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa Makompyuta,
Chipinda chokhacho chomwe fani yake imazungulira.

Bwana,

Ndisanagwade, ndiloleni ndiwongole nkhani ziwiri zomwe zikuyenda m'makonde a kampani yathu yonyamula katundu. Yoyamba ndi yoti ndinalephera ku yunivesite. Sindinalephere ayi. Ndinasiya ndili chaka chachitatu bambo anga atamwalira, ndipo phunziro la netiweki ndinali nditakhoza kale. Yachiwiri ndi yoti ine, kalaliki wa kosungira katundu, ndinawononga netiweki ya kampani. Imeneyi tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, poti Lachisanu komiti ikhala pansi kuti ione ngati ndikhalebe pantchito.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha memo yanu ya Lolemba lapitalo. Munalamula kuti aliyense atsegule zenera lakuda lija lolembamo malamulo pakompyuta yake, akopere mzere womwe munatilembera: ip addr add 192.168.1.20/24 dev eth0. Munatipatsanso pasiwedi yanu, yomwe ndi tsiku limene munalandira digiri yachiwiri, kuti tisaliiwale. Pakampani pano memo yosainidwa siifunsidwa mafunso. Tonse khumi ndi anayi tinakopera osasintha ndi kadontho komwe, ine ndemwe ndikudziluma lilime. Aphunzitsi anga a ku yunivesite, osadziwa zinthu aja, ankati adiresi ya IP ili ngati nambala ya nyumba, makina alionse ndi yakeyake, apo ayi uthenga umasochera. Inu mwatiphunzitsa umodzi: nyumba khumi ndi zinayi, nambala imodzi.

Chachiwiri, nambala 20 ija ndi ya pulinta. Inalembedwa papepala lomata pambali pake, pomwe mumakonda kuikapo kapu yanu ya tiyi. Makompyuta atalanda nambalayo, pulinta inangoti zii, mapepala onyamulira katundu osatuluka, malole asanu ndi awiri n'kugona pabwalo masiku awiri. Madalaivala akuyamika tchuthi. Mkulu wawo, yemwe timamutcha Buleki, atakufunsani kuti anyamuka liti, munamuuza kuti chingwe chaduka pansi pa nyanja. Ndinagoma nanu, bwana. Kuchoka pakompyuta ya amayi otumiza katundu kufika papulinta ndi mapazi atatu. Sindinkadziwa kuti uthenga umayamba wakasambira.

Chachitatu, ndiulule tchimo langa. Lachitatu m'mawa, inu muli kumsonkhano wa zaukadaulo kuhotela, amayi otumiza katundu aja anabwera kosungira katundu atazimitsa foni chifukwa makasitomala anali atawatukwana mokwanira. Anandipempha ngati mchimwene wawo kuti ndiwakonzere pulinta. Ndinayenda desiki ndi desiki, kufufuta 20 ija, kupatsa kompyuta iliyonse nambala yake, kuyambira 31 mpaka 44. Iliyonse ndinailozeranso chipata chotulukira kunja, ip route add default via 192.168.1.1, chomwe memo yanu inachisunga mwachinsinsi. Zonsezi zinanditengera mphindi makumi anayi. Pulinta inatsokomola kawiri n'kuyamba kulavula mapepala. Malole anayi anatuluka pageti. Pepani kwambiri.

Chachinayi, ndiyamike maso anu akuthwa. Mutabwerako masana munapeza zinthu zikuyenda, ndipo nthawi yomweyo munaona ngozi: munthu wopanda pepala la digiri wagwira makina. Munalamula kuti aliyense abwerere pa 20, chifukwa memo imafafanizidwa ndi memo inzake basi. Lamulo labwino. Kungoti memo yatsopanoyo iyenera kusindikizidwa, kusainidwa ndi kudindidwa, ndipo pulinta yoti iisindikize ndi yomwe ija inaphedwa ndi memo yoyamba. Malole atatu akadali pabwalo. Buleki akandiona amandifunsa kuti kodi digiri imalemera bwanji, poti ziwiri zokha zakanikitsa lole kudzuka. Ine sindinanyamulepo.

Ntchitoyi ndikuifuna, sindinama. Ndili ndi ana awiri, ndipo wopanda pepala akachotsedwa malo amodzi, mbiri yake imafika kwina iye asanafike. Koma ndikudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo komitiyo mlembi wake ndinu.

Pempho langa ndi laling'ono, bwana. Ngati zitavuta Lachisanu, mundibwereke mphindi makumi anayi zomwe zija ndisanatuluke pageti, ndikonzenso maadiresi, kuti kalata yondichotsa ntchito ituluke yosindikizidwa bwinobwino, monga ziyenera kukhalira pakampani yaulemu wake. Ndikufuna ana anga akaone kuti bambo awo anachotsedwa ndi anthu ophunzira. Ndikangotuluka, mudzabwezeretse 20 yanu.

Ine wapansi pa mapazi anu,
Kalaliki wa kosungira katundu, wa chaka chachitatu.

Ndinatsala pang'ono kuiwala: kalata yanu yondiitanira ku komiti ndailandira dzulo. Ndi yolemba pamanja.