Ng'ombe Imene Inandivomera

Anthu a ku Zemba akandiona ndikudutsa pa njinga amandipatsabe moni mwaulemu, koma ndimadziwa zimene amakambirana ndikangopitirira. Ndiye bola ndinene ndekha.

Apongozi anga aamuna aweta ng'ombe moyo wawo wonse. Kale khola lawo linkadzaza mpaka zina kugona panja, koma matenda a nkhupakupa ndi chilala zinawasiyira zinayi zokha, ziwiri zapangolo ndi ziwiri zazikazi zakuda, Dona ndi Kaliza. Maso a madalawo nawo anali atafa. Ankakhala pampando pafupi ndi khola, n'kumazizindikira ndi kulira kwake.

Ine ndine mphunzitsi, wokulira m'tauni ku Chipata. Pofunsira mwana wawo ndinawauza kuti paubwana wanga ndinkadyetsa ng'ombe za amalume (amalume anga anali telala, ndipo chiweto chawo chinali mphaka). Bodza limenelo linakhala zaka khumi ndi ziwiri osandiluma.

Linandiluma pa mwambo wa chiliza cha malemu apongozi aakazi. M'mawa wa tsikulo mlamu wanga, amene amasamala ng'ombezo, anamanga zapangolo zija kukatenga mabenchi ku tchalitchi. Akazi anga anali kuzophika. Madala anandiitana n'kundiuza kuti amuna awiri ochokera ku Pembamoyo afika kudzapha ng'ombe, ndiye ndiwatulutsire Dona, poti yakalamba ndipo inasiya kubereka.

"Mukuidziwa, eti aphunzitsi?"

Ndinayankha kuti ndikuidziwa bwino. Anadzuka, mlongo wawo n'kuwatsogolera kumanda, chifukwa sankafuna kumva ng'ombe yawo ikuphedwa.

Nditafika pakhola ndinapeza ng'ombe ziwiri zakuda zikundiyang'ana. Kufunsa kunali kosavuta, koma manyazi anandiletsa. Ndiye ndinachita zimene ndimachita m'kalasi. Ndinaitana dzina. Imodzi inapitiriza kubzikula, inayo inabwera mpaka kundinyambita dzanja. Ndinadziona wanzeru zedi. (Ndinamva pambuyo pake kuti Kaliza inkabwera kwa aliyense, ngakhale utaitana dzina la nduna, chifukwa madala anaizoloweza mchere wapamanja.)

Inanditsatira popanda chingwe mpaka pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi wa amuna aja anaisisita pamimba n'kufunsa ngati ilibe bere. Ine, ndi mawu anga a pa asembule, ndinamuuza kuti amenewo ndi mafuta, alendo adya bwino lero. Anayang'anizana ndi mnzake, koma ndani angatsutse mkamwini wovala tayi?

Atang'amba pamimba onse awiri anasiya mipeni. Munali kamwana, kakakazi, kaubweya kale. M'malo mothamanga kukaulula, ndinawapempha kuti akakwirire kuseri kwa chulu ndipo asauze munthu. Sindikudziwa kuti ndinkaganiza kuti ndibisa bwanji ng'ombe yamoyo imene inatsala m'khola, yomwe mudzi wonse ukuidziwa.

Mlamu wanga anabwera mochedwa, n'kusiya ngolo kumanda konko, choncho palibe anayandikira khola. Mwambo unayenda bwino. Masana anthu anakhala pabwalo, mbale za nyama zili patsogolo pawo, abusa n'kuyamba kupempherera chakudya. Ndinatseka maso kwambiri kuposa aliyense. Pakati pa pempherolo, kukhola kunamveka kulira kosasa mawu, kwautali, ngati nkhalamba yoiwalidwa.

Abusa atati amen, madala anatembenuzira nkhope kumene ndinakhala.

"Ameneyo ndi Dona. Nanga apa tikudya ndani?"

Sanakweze mawu. Ena anali ataluma kale nyama, ndipo anangokhala nayo m'kamwa. Mlamu wanga anathamangira kukhola, pobwerako anakhala pansi padothi atagwira mutu. Ine ndinagwada n'kunena zonse, za dzina, za mafuta, za kuseri kwa chulu, ngakhale za amalume atelala. Akazi anga sanandiyang'ane.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwina kulipitsidwa, ndipo zikanandipepukira. Madala anangofunsa ngati kamwanako kanali kakakazi. Nditavomera anagwedeza mutu, n'kunena kuti Kaliza inali mdzukulu wa ng'ombe yoyamba imene anagula ndi malemu akazi awo atagulitsa thonje, ndipo khola lonse linkadikira bere limenelo. Kenako anauza alendo kuti adye, nyama isawonongeke. Koma madalawo anakankha mbale yawo.

Panapita miyezi isanu ndi itatu ndisanapeze thole ku Zingalume. Ndinaliyendetsa ndekha wapansi, likundikoka m'minda ya anthu, ndipo ndinafika buluku litang'ambika. Madala anali ataonda, pampando paja sankakhalaponso kawirikawiri. Anatuluka, analisisita kuyambira kumphuno mpaka kumchira, n'kunena kuti ndi labwino. Ndinawapempha kuti alitche dzina.

"Ine ndatha kutcha, aphunzitsi. Litcheni nokha, mwina limeneli mudzalidziwa."

Anabwerera m'nyumba. Tholelo likukula, ndipo mpaka lero lilibe dzina. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza tsiku lililonse kuti amene sakudziwa afunse. Amandiyang'ana mwachifundo, chifukwa ambiri a iwo anadya nawo nyama ija.