Vinyo wa Nkhalamba Yandevu

Lolemba

Loweruka lino mwana wanga Tisa akukwatiwa. Vinyo wa paphwando ndasankha ine, uja wa chithunzi cha nkhalamba yandevu pabotolo. Ndinamulawa kamodzi kokha, chaka chija mashopu a ku South Africa anatsegulidwa m'tauni, titangosiya kuima pamizere ya sopo. Kuyambira pamenepo ndimamutama paliponse: kuofesi, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi ya ku Kabwata. Nditamutchula kukomiti ya ukwati, aliyense anati ali naye kunyumba, abweretsa. Makatoni adzaza chipinda cha Tisa.

Ndatsegula botolo limodzi kuti ndikumbuke kale. Fungo la dothi lonyowa, ngati manda atsopano. Mkamwa: msomali wa dzimbiri, mankhwala a chifuwa, sokosi. Ndalavulira musinki.

Lachiwiri

Mwina vuto ndi lilime langa. Ndatsegula lina. Chimodzimodzi.

Zochita Loweruka lisanafike: kuchenjeza apongozi, kupeza vinyo wina, kupepesa onse amene ndinawanamiza. Ndayamba kulemba mayina, pepala ladzaza mbali zonse. Ena mwa iwo anamwalira. Mabotolo ndawatembenuzira kukhoma, maso a nkhalamba ija akunditsata ndikamasesa.

Lachitatu

Ndili kushopu m'tauni kukafunsa ngati anasintha kapangidwe. Mayi wa pakauntala akuyang'ana botolo, safuna n'kuligwira komwe. "Mami, iyi tinaleka kugulisa kudala, zaka zambili zapita. Mwaichosa kuti?"

Ndiye anthu onsewa akumutenga kuti?

Lachinayi

Ku Woodlands, kwa bana Chanda, amayi ake a mkwati. Ndakonzeka kuulula. Ndisanatsegule pakamwa, iwo akundigwira dzanja: "Abale bonse ba ku Luapula tabauza kale. Ija waini yanu imaseleleka pakhosi monga mvula yoyamba." Mawu angawa! Ndinawanena ine zaka zambiri zapitazo, ndisanawadziwe n'komwe mayiwa. Akumwetulira osaphethira. Ndamwa tiyi, ndatsanzika.

Lachisanu

Ku Kabulonga, kwa ba Mwansa, mnzanga wakale wa kuofesi. Kwa iwo ndanena zonse. Akunditsogolera kukachipinda kopanda windo, akutsegula kabati. Mabotolo pamzere, fumbi lokhalokha, nkhope zonse zoloza kwa ine.

"Mwandi, kulibe anamwapo kawili," akutero. "Tinali kuyopa kukuuza. Timapasana chabe, pa ukwati na pa malilo."

Pabotolo lina pali kakhadi kofiirira. Zolemba ndi zanga: "Kwa ba Mwansa, mudzandithokoza." Akuti botolo limeneli lapita ku Chelstone, ku Chunga, ku Ndola, labwerera kwa iwo katatu. Vinyo wina sindinapeze. Tsiku latha.

Loweruka

Tisa wakongola, ndalira pang'ono. Nthawi yokweza matambula, holo yonse ikutembenukira kwa ine. Matambula akukwera, akufika pamilomo, akutsika odzaza. Zii. Ndikumva firiji ikulira kukhitchini. Abusa akuthirira duwa la pambali pawo mwakachetechete.

Mmodzi yekha wamwa mpaka pansi: Chanda, mkamwini wanga. Misozi m'maso, akundiweramira mwaulemu. Tisa akundiyang'ana ngati ndamupulumutsa kapena ndamupha, sindikudziwa.

Lamulungu

Masana galimoto yaima pageti. Chanda ndi abale ake akutsitsa makatoni onse otsala. Bana Chanda alamula kuti asatayike, abwerere kwa mwini wake amene amawakonda.

Chanda wagwada pakhonde, watsegula botolo yekha, wathira matambula awiri. Akudikira. Ndi mwana waulemu, ndipo Tisa azikhala naye moyo wonse. Ndamwa. Ndameza.

"Wabwino," ndatero.

Nkhope yake yawala. "Ba mayo, mawa nizauza bonse ku nchito."