Mmene tepi ya mbasela inandipatsira dzina

Pa nkhani yotsitsa mtengo, m'Kafue monse munalibe wondiposa. Ogulitsa akandiona ndikubwera ankayamba kuusa moyo, ndipo sindinkachoka pamalonda popanda mbasela. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Mafakitale atayamba kuchotsa anthu ntchito, ndinatsegula kachipinda ka vidiyo kumsika: mabenchi asanu, wailesi ya kanema imodzi, ndi pakamwa pangapa. Ndinkaonetsa makatuni a ku Japan, ine n'kuima pambali kumamasulira. (Chijapanicho ndinkachidziwa monga nkhuku idziwira kusambira, koma akanandigwira ndani?) Kutsidya kwa msewu kunali kachipinda kena, mwini wake ali tcheru kulandira aliyense wonditaya.

Nkhani imene inkadzaza mabenchi inali ya wankhondo wa lupanga ndi mphunzitsi wake wokalamba, matepi seveni. Powagula ku Lusaka ndinamufinya wogulitsa mpaka anaponyamo tepi ina yopanda cholemba.

"Tengani mbasela, bwana, muchokepo chabe," anatero.

Ndinabwerera ngati ndagula ndeke.

Mu namba faifi wankhondoyo anatemedwa pa tsaya. Mu seveni mphunzitsi anafa, ndipo ba Mutinta, ogulitsa nsomba za ku Chanyanya, analira mpaka kunyowetsa chitenje. Loweruka masana ndinalengeza kuti mbasela ija ndi namba eyiti. Sindinaionereko kaye. Katswiri amalawa?

Kanema kungoyamba, mphunzitsi uja ali phee pamphasa, akudya mpunga.

"Iwe, si uyu tinalira pa Chitatu?" anafunsa ba Mutinta. "Auka bwanji?"

"Wauka kwa akufa, amayi," ndinayankha osaphethira. Achinyamata a tchalitchi cha pente kumbuyo anati ameni, koma chapansipansi.

Kenaka kunatulukira adani awiri atsopano, wina wamutu waukulu akudziguguda pachifuwa kuti Kabocha, mnzake Tamanegi. Apa ndinapeza pothawira. Ndinafotokoza kuti Kabocha ndiye kuti wowotcha adani, Tamanegi ndi uja aliyense akamuona amati tamangani. Ndinaonjeza (pakamwa apa) kuti kuyambira lero inenso muzinditcha Kabocha.

Pabenchi yakutsogolo wina anayamba kutsokomola. Anali ba Tembo, mdala amene kale ankaphikira mainjiniya a Chijapani ku fakitale ya feteleza. Sikunali kutsokomola, anali kuseka.

"Mwana wanga, kabocha ni dzungu. Tamanegi ni anyezi. Nenze kuvigula pa msika uno uno."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Titayang'anitsitsa, mutu wa Kabocha uja unalidi ndi mizere ya dzungu, ndipo amene ankamenyana ndi mnzakeyo ankatuluka misozi. Ba Mutinta ananyamula dishi lawo.

"Wakufa adya mpunga, dzungu igwira lupanga. Tiyeni kutsidya, uyu atinama kuchokera namba wanu."

Benchi yoyamba inaimirira. Ndinaona chakudya cha ana anga chikuwoloka msewu ndi miyendo yake.

"Nkhalani pansi," anatero ba Tembo. "Mdala uyu sanauke. Onani tsaya ya wankhondo, chilonda chikalibe kupola. Anamutema mu faifi, mdala afa mu seveni. Ndiye iyi nkhani ili pakati apo. Ni monga nshawa zamene upatsa alendo poyembekeza ndiwo kuti ipsye. Ndiye chifukwa anthu bake ni ba m'dimba."

"Pakati pa faifi na sikisi, olo sikisi na seveni?" anafunsa ba Mutinta, dishi lili pamutu.

Mkangano unabuka pomwepo. Wina anati lupanga linathyoka mu sikisi, wina anati ayi, linangopindika. Ba Mutinta anatula dishi n'kulamula kuti tibwereze faifi. Sabata yonse mabenchi anali odzaza, anthu akuwerenga zipsera ngati apolisi, mpaka anagwirizana kuti malo ake ndi pambuyo pa faifi. Patapita zaka ndinamva kuti opanga makatuni amaikadi nkhani zoterezi podikira kuti wolemba nkhani yeniyeni apite patsogolo. Ba Tembo anaziona ndi nzeru za kukhitchini basi.

Ba Tembo sanalipirenso pakhomo panga mpaka tsiku limene ndinatseka kachipindako, ndipo ndinkawasungira malo pafupi ndi zenera. Akanangoseka n'kukhala chete, bwenzi nditatha. Koma dzina lokha sanathe kundichotsera. Mpaka lero ndikamatsitsa mtengo wa matimati kumsika, amayi amati, "Ba Dzungu, tengani mbasela muyende."

Ndimatenga ndithu. Nanga inu mukuona kuti anapambana ndani, ine amene ndinadzaza mabenchi, kapena wa ku Lusaka uja amene anandipatsa tepi yosagulika ndi dzina la moyo wonse, zonse ulere?